Musakweche khobidi la agogo ndi phulusa

M'chigwa cha Domasi, kumene a mishoni ya Church of Scotland anafika mu 1884, ndiponso pafupi ndi Zomba yemwe anali likulu la dziko mpaka 1975, ndalama zachitsulo zinayamba kuyenda kalekale. Nchifukwa chake m'mabokosi a agogo, ngakhale m'munda polima, mumapezekabe matiki, masheleni ndi makhobidi oboola pakati. Ena akangotola amaganiza kuti alemera. Ena amapereka kwa ana kuti aseweretse. Onsewa akufulumira.

Yambani ndi chaka cholembedwapo. Ndalama zoyera za ku Britain za chaka cha 1919 kubwerera m'mbuyo zinali pafupifupi siliva yekhayekha. Kuyambira 1920 siliva anatsika kufika theka, ndipo mu 1947 anamuchotseratu, nkuikamo mkuwa wosakaniza ndi nikelo. Choncho sheleni ya 1943 ndi ya 1950 zimaoneka ngati mapasa, koma imodzi yokha ndiyo ili ndi siliva. Khobidi loboola pakati lija, la njovu ziwiri, la nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndi lamkuwa ndipo anasula ochuluka zedi. Wina akakuuzani kuti lili ndi mankhwala obisika a mamiliyoni, koma muyambe mwampatsa kangachepe kuti akupezereni wogula, ameneyo ndi tambwali.

Kenako yendetsani chikhadabo m'mphepete. Timizere timene mumamva m'mphepetemo anatiyambitsa pofuna kugwira anthu amene ankapala siliva m'mbali mwa ndalama, nchifukwa chake makhobidi amkuwa amakhala osalala. Timizere tikakhala tokhotakhota, kapena mukaona msoko wozungulira, kayikirani kuti ndi yopeka. Maginito nawo amathandiza, koma pang'ono: ikamata si siliva, ikapanda kumata sizitanthauza kuti ndi siliva, popeza mkuwa nawonso sumata.

Osonkhanitsa ndalama zakale amayang'ana kusowa kwake ndi mmene yasungidwira. Sheleni ya 1964 ya nkhope ya Kamuzu ndi chimanga kuseri, kapena 20 tambala ya njovu ya 1971, chaka chimene kwacha inalowa m'malo mwa paundi, ikakhala yosaperepeseka imaposa inzake yofufutika. Apa mpamene ambiri timaonongera, ndipo zimandiwawa. Timakwecha ndi phulusa, mchenga kapena ndimu kuti iwale, osadziwa kuti wogula wodziwa akaona mikwingwirima amatsitsa mtengo nthawi yomweyo.

M'malo mokwecha, kulungani ndalamazo m'kapepala kouma, iliyonse payokha, mulembepo chaka chake ndi kumene inapezeka, ndipo musagulitse musanafunse anthu angapo.