Usatulutse Gawo Loyamba Usanadziwe Lomaliza

Akuluakulu amati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Mawu amenewa ndinawamvetsa bwino chaka chatha pamene ndinayamba kutulutsa nkhani yopeka ya sayansi m'zigawozigawo, ndekha, popanda mkonzi kapena kampani yosindikiza mabuku. Nkhaniyo inali ya mtsikana wa ku Nkhotakota wa m'chaka cha 2125, yemwe anakonza chombo chouluka pamwamba pa Nyanja ya Malawi. Ndinalonjeza anzanga kuti Lachisanu lililonse azilandira gawo latsopano pa lamya. M'gawo loyamba ndinalemba monyadira kuti chombocho chimayendera dzuwa lokha ndipo chilibe batire. Pofika gawo lachinayi, mtsikanayo anayenera kuthawa usiku. Ndinamuulutsa ndithu. M'mawa mwake mnzanga wina anandifunsa kuti, “Aise, dzuwa la pakati pa usikuli walitenga kuti?” Ndinasowa chonena. Gawo lachisanu silinatuluke, ndipo mpaka lero mtsikanayo adakali m'malere.

Maganizo anga ndi akuti mlembi wodziyimira payekha asatulutse gawo loyamba la nkhani yotere asanadziwe mathero ake ndiponso malamulo a dziko limene walipeka. Chifukwa choyamba n'chakuti gawo likatuluka silibwezeka. Wolemba buku lathunthu akapeza vuto pa tsamba 200 amabwerera pa tsamba 5 n'kukonza, ndipo palibe amene amadziwa. Wolemba m'zigawo alibe mwayi umenewu chifukwa tsamba 5 lili kale m'mitu ya anthu. Vutoli limakula m'nkhani za sayansi popeza owerenga amalola kukhulupirira zinthu zosaoneka pokhapokha ngati zikutsata lamulo. Mu nthano kalulu akhoza kuyankhula popanda wofunsa chifukwa chake, koma ukanena kuti makina amayendera dzuwa, wadzimanga wekha mpaka gawo lomaliza.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti mlembi wodziyimira payekha ndiye mkonzi, msindikizi ndi wotsatsa yemwe. Palibe wina womukumbutsa kuti tsiku lakwana. Mayeso akafika, maliro akagwa kumudzi kapena magetsi akazima, ntchito yonse imaima. N'chifukwa chake ndikuona kuti ndi nzeru kukhala ndi zigawo zingapo zolembalemba m'nkhokwe usanalengeze chilichonse, komanso kusankha nthawi imene ungathe kuisunga. Kuli bwino kulonjeza gawo limodzi pa mwezi n'kukwaniritsa kusiyana ndi kulonjeza sabata iliyonse n'kuzimiririka. Ife Amalawi tikudziwa mphamvu ya nthawi yokhazikika. Masewero a pa wailesi monga Zimachitika ankakokera mabanja pafupi ndi wailesi chifukwa anthu ankadziwa tsiku ndi ola lake. Omvera akadikira kawiri osamva kanthu, amapita kukachita zina.

Ena anganditsutse ponena kuti kukoma kwa nkhani ya m'zigawo n'kwakuti imakula pamodzi ndi owerenga. Mfundoyi ndi yoona ndipo ili ndi umboni. Charles Dickens anatulutsa The Pickwick Papers mwezi ndi mwezi mu 1836 ndi 1837, akulemba pamene zigawo zina zinali kale pa msika. Pamene Martin Chuzzlewit sinkagulidwa bwino mu 1843, iye anatumiza mtengambali wake wamkulu ku America pofuna kukopa anthu. Hugh Howey anatulutsa yekha Wool mu 2011 ngati kankhani kakafupi, ndipo anapitiriza chifukwa owerenga ankafuna zina. Nayenso Andy Weir ankatulutsa The Martian mutu ndi mutu kwaulere, ndipo owerenga odziwa sayansi ankamukonza pamene walakwitsa. Kenako anaigulitsa pa Amazon pa mtengo wa masenti 99, isanasindikizidwe ndi kampani ya Crown mu 2014 ndi kukhala kanema mu 2015.

Komabe tikayang'anitsitsa, zitsanzozi zikugwirizana ndi mfundo yanga. Dickens yemweyo atakhwima pa ntchito anayamba kulemberatu dongosolo la gawo lililonse, monga anachitira ndi Dombey and Son kuyambira mu 1846. Weir ankadziwa funso limodzi loyendetsa nkhani yake yonse: kodi munthu wosiyidwa yekha pa Mars angapulumuke bwanji? Anawerengetsera chakudya, madzi ndi mpweya zimene munthuyo angafune, ndipo analemba ngakhale pulogalamu ya pa kompyuta yowerengera njira ya chombo. Owerenga ankakonza denga, koma mizati inali itazikidwa kale. Ndiponso cholakwika chimodzi chachikulu chinakhalabe. Namondwe amene amayambitsa nkhaniyo sangakhale ndi mphamvu yotere pa Mars chifukwa mpweya wa kumeneko ndi wopyapyala kwambiri, ndipo Weir mwini wake anavomereza zimenezi. Chimene waika pachiyambi chimakutsata mpaka kumapeto.

Kwa ife olemba m'Chichewa pali chifukwa chinanso. Nkhani zopeka za sayansi n'zachilendobe kuno kwathu. Shadreck Chikoti anatsegula njira ndi buku lake la Azotus the Kingdom mu 2015, koma linalembedwa m'Chingerezi. Wolemba m'Chichewa ayenera kusankha yekha mawu a zinthu zimene agogo athu sanazione. Kodi anena kuti loboti kapena makina oganiza? Kodi anena kuti pulaneti kapena dziko lina? Mawu amene wagwiritsa ntchito m'gawo loyamba ndi amene owerenga adzawazolowere, choncho ndi bwino kukhala ndi kakope kolembamo mawu onse ndi malamulo onse a dzikolo. Tikamayamba nkhani n'kumazisiyira panjira, tipereka mphamvu kwa amene amanena kuti Chichewa n'chongoyenera nthano za kalulu ndi fisi.

Sindikunena kuti mlembi atseke makutu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo funso la mnzanga lija linandiphunzitsa zambiri kuposa mawu onse oyamikira. Chimene ndikunena n'chakuti munthu amene wawerenga gawo lako loyamba wakukongoza nthawi yake, ndipo ngongoleyo imabwezedwa ndi gawo lomaliza. Panopa ndabwerera ku nkhani ya mtsikana wa ku Nkhotakota. Ndalemberatu mathero ake, ndagawa nkhani yonse m'zigawo 12, ndipo 8 mwa izo zatha. Chombo chija sindinachipatse batire. Mtsikanayo tsopano ayenera kubisala m'bango usiku wonse kudikira kuti kuche, ndipo gawo limenelo ndi limene likundisangalatsa kuposa onse. Sindituma uthenga kwa aliyense kufikira gawo la 12 litalembedwa.