Mvula ya ku Soche inayambira kufupi ndi Australia

Sabata yatha ndikuphunzitsa za kutentha mu Fomu 3, mnyamata wina anakweza dzanja: "Aphunzitsi, zimenezi zibwera pa MSCE?" Ndinaseka, koma funsolo landikhala pamtima. Kwa ine, mutu umenewu ndi wa moyo kaye, mayeso pambuyo. Tamverani chifukwa chake.

Nonse mukukumbukira Malichi 2023. Mvula inagwa usana ndi usiku, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Koma namondwe Freddy sanabadwire kuno ayi. Anayambira panyanja, pakati pa Indonesia ndi Australia, kumayambiriro kwa Febuluwale. Anawoloka nyanja ya Indian, mtunda woposa makilomita 8,000, anagunda Madagascar ndi Mozambique, anabwerera kunyanja, n'kulowanso pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. Anakhala masiku 36, ndipo palibe namondwe wina wodziwika amene anakhalitsa chotere.

Mphamvu zonsezo ankazitenga kuti? Taganizani za mphika wa madzi pambaula. Madzi akamatentha, nthunzi imachuluka. Nyanja nayo ikafunda kufika madigiri 26 kapena 27, imatulutsa nthunzi yambiri. Nthunziyo ikakwera m'mwamba imazizira n'kusanduka timadontho, ndipo posanduka imatulutsa kutentha kumene inanyamula kunyanja, kuja timati latent heat m'kalasi. Kutenthako kumakankhira mpweya m'mwamba kwambiri, mpweya wina wachinyezi n'kuthamangira m'malo mwake. Injini yayaka basi. Mpweya wachinyeziwo ukafika kuno umakumana ndi Soche, Ndirande, Michiru ndi Mulanje. Mapiri amaukakamiza kukwera, ndiye umakhuthula madzi ake pa ife.

Palinso nyanja ina yakutali kwambiri, ya Pacific, imene imakhudza dzinja lathu lonse. Zaka zina mphepo imakankhira madzi ofunda kumbali ya Indonesia. Imeneyo ndiye La Niña, ndipo kawirikawiri kum'mwera kwa Africa kumagwa mvula yambiri. Freddy anabwera kumapeto kwa La Niña ya zaka zitatu. Mu 2000, chakanso cha La Niña, namondwe Eline anawoloka nyanja ya Indian chimodzimodzi n'kukasakaza ku Mozambique. Zaka zina mphepo ija imafooka, madzi ofunda n'kubwerera chakum'mawa, kumbali ya Peru. Imeneyo ndi El Niño. Malo amene mpweya umakwera ndi kutsika amasuntha, ndipo chigawo chathu chakum'mwera chimauma. Ndi zimene zinachitika mu 2024: chimanga chinapserera, boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Chaka chino matope, chaka chamawa chilala.

Ena amati, "Nanga zochitika ku Pacific ife tingazitani?" N'zoona, nyanja sitingaiziziritse. Koma kutalikako ndiye mwayi wathu. Nyanja imasintha pang'onopang'ono, choncho El Niño ndi La Niña zimaonekeratu miyezi ingapo mvula isanayambe. Freddy anayenda mwezi wathunthu masetilaiti akumuona. Nthambi yoona zanyengo, imene likulu lake lili mu Blantyre momwemuno, imalengeza mmene dzinja likhalire chaka chilichonse, ndiponso imachenjeza namondwe akamayandikira.

Vuto ndi lakuti ambiri amaona ngati ulosi wanyengo ndi lonjezo. Akamva kuti kugwa mvula yambiri, kwawoko n'kungowaza, amati a zanyengo ndi abodza. Ayi. Ulosi umanena chimene chili ndi mpata waukulu wochitika, monga mmene probability imanenera ku masamu. La Niña siigwetsa mvula pakhomo panu, imangokulitsa mpatawo.

Apa ndi pamene mukufunika inu. M'nyumba zambiri ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Mbayani, amene akudziwa za nthunzi ndi probability ndi inuyo. Chenjezo likamveka pawailesi, afotokozereni agogo tanthauzo lake. Ngati nyumba ili m'munsi mwa phiri lopanda mitengo kapena m'mbali mwa Mudi, kambiranani kothawira mitambo isanade. M'mera mpoyamba.

Ndiye kwa mnyamata uja: inde, latent heat ikhoza kubwera pa mayeso. Koma ku Chilobwe inabwera kale.