ZA M'MAIKO A KUTALI: Nkhoswe ya Okalamba ku America

Mwezi uno tiyeni tioloke nyanja yamcere, tifike ku dziko la America, tikaone m'mene anthu a kumeneko asungira okalamba ao. Ambiri a ife tikamva za dzikolo tiyesa kuti kulibe umphawi, ndi kuti munthu akakalamba angokhala pansi nadya cuma cace. Koma ndalama siziceza ndi munthu, ndiponso sizigogoda pa citseko m'mawa kufunsa kuti mwadzuka bwanji.

M'mwezi wa July caka ca 1995, mu mzinda wa Chicago munagwa kutentha koopsa kwa masiku angapo, ndipo anthu oposa 700 anamwalira. Ambiri a iwo anali okalamba osauka okhala okha, amene anadzitsekera m'zipinda, osatsegula ngakhale zenera, poopa mbala. Ena anapezeka patapita masiku atafa kale. Mitembo 41 inasowa mwini, ndipo inaikidwa m'dzenje limodzi, popanda mbale woponyamo dothi. Dzuwa lokha silikadatha kupha anthu ambiri cotero. Linawapeza alibe munthu wowazonda.

Nanga okalamba a kumeneko akhala bwanji okha, ana ali kuti? Mwambo wao ngwosiyana ndi wathu. Ana akakula amapita kutali kukafuna nchito, ndipo makolo atsala mu mzinda, m'nyumba za lendi. Mphamvu zikatha, ndalama zicepa, koma lendi sicepa. Cifukwa cace m'caka ca 1959 boma la America linaika lamulo la nyumba, ndipo gawo lace lina, lochedwa Section 202, linatsegula njira yakuti mabungwe osafuna phindu alandire thandizo la boma pomanga nyumba za okalamba. Munthu aloledwa kulowamo ali ndi zaka 62 kapena kuposapo, ndipo m'nyumba zambiri zotere wosauka alipira magawo 30 pa 100 a ndalama zimene alandira, boma nilipira zotsalazo. Mabungwe ambiri amene anamanga nyumbazi nga mipingo. Limodzi la iwo ndi Mercy Housing, limene Asisitere a Cifundo analiyambitsa ku Omaha m'caka ca 1981.

Musaziyese zipatala nyumba zimenezi iai. Munthu ali yense ali ndi cipinda cace, khichini lace ndi mfungulo wace, adziphikira yekha, atuluka ndi kulowa monga afuna. Koma zaka zitapita, eni ace anaona kuti denga lokha silikwanira. Amene analowa ali ndi zaka 65, ali olimba, anafika zaka 85 ali momwemo, maso atacita khungu, miyendo italema. Thandizo linalipo m'dzikomo, koma linali lomwazika m'maofesi ambiri, ofesi iri yonse ndi mapepala ace; ndipo okalamba ena anatengedwa kumka ku nyumba za odwala nthawi isanakwane, kungoti panalibe wowasonyeza njira. Tsono m'caka ca 1990 lamulo lina linalola kuti m'nyumba zotere mulembedwe munthu wa nchito yatsopano, ndipo m'caka ca 1992 linakuzidwa kuti lifike ku nyumba zinanso zothandizidwa ndi boma. Kumeneko amucha service coordinator. Ife tingamuche nkhoswe ya okalamba, pakuti monga nkhoswe aima pakati, adziwa mabvuto a m'nyumba, adziwanso khomo loyenera kugogodapo.

Nchito yace yoyamba ndiyo kumvetsera. Aceza ndi wokalamba ali yense amene abvomera, nafunsa mofatsa za zinthu zimene munthu acita tsiku ndi tsiku: kudya, kusamba, kubvala, kudzikonza m'thupi ndi kusamala m'nyumba. Unduna woyang'anira za nyumba, wochedwa HUD, uwerengera kuti amene alephera zitatu mwa izi ngwofooka ndithu, ndipo amene alephera cimodzi kapena ziwiri ali pa ngozi. Kuwerengera kumeneku kuthandiza nkhoswe kudziwa woyamba kumthamangira, pakuti m'nyumba imodzi mukhoza kukhala anthu zana, iye ali yekha.

Atadziwa cosowa, apita kukatunga ku zitsime zimene dziko linakumba kale. Citsime coyamba ndico lamulo la okalamba la m'caka ca 1965, lothandiza anthu a zaka 60 ndi kuposapo. Mwa lamulo limeneli, kuyambira caka ca 1973 munakhazikitsidwa maofesi a m'zigawo ochedwa Area Agencies on Aging, amene acuruka kuposa 600. Iwo ndiwo akonza za cakudya coperekedwa pa khomo, galimoto zotengera anthu kwa dotolo, ndi anchito othandiza kusamba ndi kusesa. Amene sadziwa kumene kuli ofesi ya kwao aimba lamya ku Eldercare Locator, imene inayamba m'caka ca 1991, namlozera. Citsime caciwiri ndico Medicare, yolipirira cipatala anthu a zaka 65, ndi Medicaid, yolipirira osauka. Zonse ziwiri anazisaina Purezidenti Lyndon Johnson m'caka ca 1965. Caka ndi caka, kuyambira pa 15 October kufikira pa 7 December, munthu aloledwa kusintha dongosolo lace la Medicare. Nkhoswe yocenjera iitaniratu alangizi osalipiritsa kuti adzakhale pansi ndi okalamba, popeza kusankha molakwa kukhoza kudulitsa mankhwala caka cathunthu. Citsime cacitatu ndico SNAP, thandizo logulira cakudya, limene okalamba ambiri oyenera salipempha, ena cifukwa ca manyazi, ena cifukwa ca kuopa mapepala. Paja safunsa anadya phula.

Tiyerekeze cotere. Mai wina wa zaka 84 wasiya kutsikira ku cipinda cocezera, lendi yace yacedwa miyezi iwiri, ndipo kapitao wa nyumba wamlembera kalata yomcenjeza. Nkhoswe ipita kukamzonda, nipeza makalata ali mulu pa tebulo osatsegula. Si kuti maiyo ngwamwano kapena alibe ndalama. Maso ace saonanso zilembo, ndipo acita manyazi kunena. Tsono nkhoswe, atabvomera mwini wace, iwerenga naye makalatawo, impezera galimoto yomka kwa dotolo wa maso, imlembetsa kuti cakudya cizifika pa khomo, niuza kapitao kuti ndalama ziri m'njira. Mai uja akhalabe m'nyumba mwace. Pakadapanda woima pakati, nkhani ya maso ikadasanduka mlandu wa ngongole.

Koma palinso zimene nkhoswe iletsedwa, ndipo malangizo amene HUD inasonkhanitsa m'buku m'caka ca 2018 azinena poyera. Coyamba, isagwire yokha nchito ya namwino kapena ya wosesa; ikayamba kusambitsa mmodzi, ena onse atsala opanda wowayang'ana. Caciwiri, isasanduke kapitao wotolera lendi ndi kulanga ophwanya malamulo a nyumba. Pakuti ndani adzaululira zofooka zace munthu amene ali ndi mphamvu yomturutsa? Cacitatu, isakakamize munthu. Wokalamba wa nzeru zace ali ndi ufulu wokana thandizo, ngakhale kukanako kuwawitse mtima. Imvi sizimbwezera munthu ku ubwana. Cacinai, isunge cinsinsi, osauza kapitao, anansi, ngakhale ana omwe, popanda cilolezo ca mwini nkhani. Cinsinsico ciri ndi malire ace: ikaona kuti wokalamba amenyedwa, asiyidwa ndi njala, kapena alandidwa ndalama, iyenera kukanena ku ofesi yoteteza akulu, yochedwa Adult Protective Services. Comvetsa cisoni ncakuti kawirikawiri wolanda ndalamayo si mlendo, koma mwana kapena mdzukulu.

Nchito yotere sigwiridwa ndi mtima wabwino wokha. Boma lifuna kuti wolembedwa kumene aphunzire maora 36 caka cace coyamba cisanathe, ndi maora 12 caka ciri conse pambuyo pace. Aphunzira za ukalamba, za matenda oiwalitsa, za malamulo a thandizo, ndi za kalankhulidwe ndi munthu wokwiya kapena wamantha. M'caka ca 1999 iwo okha anapanga bungwe lao, American Association of Service Coordinators, kuti azilangizana. Pakuti munthu amene aika anzace m'manda kawirikawiri, nasenza zinsinsi za nyumba yonse, asowa nayenso womfunsa kuti ali bwanji. Mutu umodzi susenza denga.

Pali adani awiri amene nkhoswe iri yonse iwayang'anira usana ndi usiku. Woyamba ndiye kugwa. Ofesi ya za matenda ya dzikolo, CDC, iwerengera kuti mwa anthu anai a zaka 65 ndi kuposapo, mmodzi amagwa caka ciri conse. Ndipo fupa la m'cuuno likathyoka, ambiri sabwereranso ku moyo wao wakale. Mankhwala ace ngapafupi: kucotsa nsanza zoterera pansi, kuika zogwirira m'bafa, kuyatsa nyali m'njira, kupima maso, ndi kufunsa dotolo ngati mankhwala ena sacititsa cizungulire. Mdani waciwiri ndiye kusungulumwa. M'caka ca 2023 dotolo wamkulu wa boma la America, Vivek Murthy, anacenjeza dziko lonse kuti kukhala wekha kudwalitsa mtima ndi ubongo, ndipo kufupikitsa moyo. Ndico cifukwa cace nkhoswe zambiri zikonza kuti anansi azizondana m'mawa uli wonse, ndipo zisunga maina a ofooka oyamba kuwagogodera kukatentha kapena magetsi akazima. Phunziro la ku Chicago ndi limeneli.

Abale anga, m'midzi mwathu mulibe nyumba zosanja za okalamba, ndipo sindinena kuti tizimange. Koma ana athu nawonso ayamba kumwazika, ndipo alipo agogo amene akhala kumapeto kwa mudzi, anthu onse akuwadziwa, koma popanda ndi mmodzi yemwe wonena kuti, awa ndiwayang'ana ndine. Cimene anthu a ku America anaphunzira ndi misozi ncakuti nchito ya onse ikapanda kupatsidwa mwini, sigwiridwa. Tsono pa msonkhano wanu wa mwezi uno werengani okalamba a m'dera lanu ndi maina ao, ndipo ali yense mumpatse nkhoswe yace: wodziwa tsiku la ku cipatala, wosunga bukhu la mankhwala, wodziwa kumene kuli ana, wosaulula za m'nyumba, wofunsa mwini wace asanamcitire kanthu. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Tisadikire kuti dambolo liume ife tiri cipenyere. Mawa m'mawa, musanatenge khasu, yambani mwagogoda pa khomo lija.