INDIA: Makanema a Kannada ndi Katangale wa M'maofesi Aang'ono

BENGALURU – Anthu ambiri kummwera kwa Africa akamva za makanema a ku India amaganiza za nyimbo, magule ndi nkhani zachikondi zochokera ku Mumbai. Koma m'chigawo cha Karnataka, kummwera kwa dzikolo, opanga makanema m'chilankhulo cha Kannada akhala akulondola nkhani ina kwa zaka pafupifupi 40. Nkhaniyo ndi ya zomwe munthu wamba amakumana nazo akapita ku ofesi ya boma kukatenga chinthu chomwe ndi chake kale.

Kalembera wa mu 2011 anapeza kuti anthu oposa 43 miliyoni amalankhula Kannada monga chilankhulo chawo chobadwa nacho. Ndiye kuti makanemawa ali ndi oonera ambiri, ndipo ambiri mwa iwo anaimapo pamzere womwewo umene akuuona pakanemapo.

Kanema wodziwika kwambiri pankhaniyi ndi Tabarana Kathe wa mu 1987, yemwe Girish Kasaravalli anamujambula kuchokera pankhani yolembedwa ndi K.P. Poornachandra Tejaswi. Tabara Shetty ndi mlonda amene watumikira boma mokhulupirika mpaka kupuma ntchito. Akayamba kufunsa za penshoni yake, kalaliki aliyense amamutumiza kwa mnzake, pamene mkazi wake akuvutika ndi matenda a shuga. Ndalamazo zimatuluka mayiyo atamwalira kale. Kanemayu anapata mphoto yaikulu ya dziko lonse, ndipo Charuhasan, amene anasewera ngati Tabara, anapatanso yake.

Mphamvu ya nkhaniyi ili poti mulibe chigawenga chimodzi choti nkuchiloza chala. Chimene chimapha ndi kuchedwa. M'maofesi momwe fayilo siyenda yokha, kuchedwako kumasanduka malonda: amene ali ndi kangachepe amagula liwiro, wopanda kanthu amauzidwa kuti abwere mawa.

Makanema ena anaunika mbali zina za vutoli. Accident, wa Shankar Nag wa mu 1984, akukamba za mwana wa mkulu wandale amene amagunda ndi galimoto anthu ogona m'mbali mwa msewu, kenaka mphamvu za bambo ake zimagwiritsidwa ntchito kukwirira mlanduwo. Mu Beru, wa P. Sheshadri, bwana wachinyamata amatulukira kuti nyumba ya alendo a boma yomwe yakhala ikudya ndalama zokonzera kwa zaka zambiri ilipo m'mabuku mokha. Kuti aulule, ayenera kugwetsa onse amene anasainapo iye asanabwere.

Pofika mu 2020 mtima woleza wa Tabara unali utatha. Mu Act 1978, kanema wa Mansore, mayi wamasiye woyembekezera dzina lake Geetha amatopa ndi kuyendera ndalama zomwe boma linavomereza kale kumupatsa. Amalowa mu ofesi atadzimangirira bomba nkugwira ogwira ntchito onse. Dzina la kanemayu likuchokera ku lamulo la mu 1978 lokhudza ogwira ntchito m'boma la Karnataka.

Kusintha kumeneku, kuchoka pa kupirira kufika pa ukali, nkofunika kukumvetsa chifukwa sikunachitike m'chigawo chopanda malamulo. Karnataka inakhazikitsa lamulo la Lokayukta, ofesi yofufuza madandaulo okhudza akuluakulu a boma, mu 1984. Mu July 2011 lipoti la mkulu wa ofesiyo, Justice N. Santosh Hegde, lonena za kukumba miyala yachitsulo mosatsata malamulo m'dera la Bellary linachititsa kuti nduna yaikulu ya chigawochi, B.S. Yediyurappa, itule pansi udindo. Mu 2016 bwalo la milandu linawapeza osalakwa pamlandu wa ziphuphu wokhudzana ndi nkhaniyo.

Chigawochi chilinso ndi lamulo la Sakala, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2012. Limaika chiwerengero cha masiku oti ofesi ikhale itapereka chikalata kapena thandizo, ndipo wochedwetsa atha kudulidwa ndalama. Lamuloli linalunjika pa bala lenileni lomwe Tabarana Kathe anaonetsa.

Komabe madandaulo sanathe. Mu 2016 boma la chigawo linapanga nthambi ina yolimbana ndi katangale nkuchepetsa mphamvu za apolisi a Lokayukta, mpaka bwalo lalikulu la Karnataka linathetsa nthambiyo mu August 2022. Mu 2021 bungwe la makontirakitala linalembera nduna yaikulu ya dziko, Narendra Modi, kuti mamembala ake amauzidwa kupereka mpaka 40 peresenti ya mtengo wa ntchito ngati chiphuphu. Boma la BJP linakana zimenezi, koma nkhaniyi inakula pa kampeni ya mu 2023, ndipo chipani cha Congress chinapambana mipando 135 mwa 224.

Apa mpamene makanemawa amathandiza. Malipoti a ofufuza amawerenga ndalama zobedwa pamwamba, pomwe kanema amaonetsa mtengo umene amalipira munthu wapansi: ndalama ya basi, tsiku la ganyu lotayika, mankhwala osagulidwa, ndi manyazi opempha chinthu chako chomwe.

Ali ndi malire akenso. Bomba la Geetha limakhutiritsa oonera, koma si njira imene nzika ingatsate. Nzika yeniyeni ili pampanipani wina: kuyambira mu 2018 lamulo la India lothana ndi katangale limati wopereka chiphuphu nayenso ndi wolakwa, pokhapokha ngati anachita kukakamizidwa ndipo wakanena pasanathe masiku asanu ndi awiri. Munthu amene fayilo yake idakali m'manja mwa kalaliki yemweyo sangakanene mopepuka.

Choncho muyeso wa nkhondo yolimbana ndi katangale ku Karnataka suli pa chiwerengero cha nduna zotula udindo chokha. Uli pa masiku amene mlonda wopuma ntchito kapena mayi wamasiye amadikira kuti alandire zake, osatulutsa kanthu m'thumba. Masikuwo akapanda kuchepa, opanga makanema a Kannada sasowa nkhani, ndipo oonera apitiriza kudziona okha pakanemapo.