Mafuta a kokonati sangadzutse chithokomiro chofooka

Pakati pa zinthu zimene zikutamandidwa masiku ano kuti zimathetsa matenda, mafuta a kokonati atenga malo apamwamba, ndipo mbiri yake, imene imayenda pa WhatsApp ndi Facebook komanso m'kamwa mwa abale obwera ku Joni, yafika ngakhale ku Chileka ndi ku Lirangwe m'boma la Blantyre, kumene mtengo wa kokonati suli m'gulu la mbewu zimene anthu amalima. Chimene chimanenedwa n'chakuti munthu amene chithokomiro chake chafooka, akamamwa supuni imodzi kapena ziwiri za mafutawa tsiku lililonse, thupi lake limayambiranso kutentha, kutopa kumatha ndipo kunenepa kumachepa. Mfundo imeneyi ilibe maziko, koma ndi yofunika kuifufuza mofatsa chifukwa inamera pa kachoonadi kochepa kamene ogulitsa anakakulitsa mopyola muyezo.

Chithokomiro ndi kachiwalo kokhala kutsogolo kwa khosi, m'munsi mwa kholingo, ngakhale kuti ambiri amachidziwa pokhapokha chikatupa n'kuonekera kunja. Ntchito yake ndi kupanga mahomoni, amene ndi timadzi tonyamula uthenga m'magazi, ndipo awiri ofunika kwambiri amatchedwa T4 ndi T3, manambalawo akusonyeza kuchuluka kwa maatomu a ayodini amene ali mu homoni iliyonse. Mahomoniwa ndi amene amalamula metabolizimu, kutanthauza liwiro limene maselo a thupi amasandutsira chakudya kukhala mphamvu ndi kutentha. Akachepa, zonse m'thupi zimayenda mwaulesi: munthu amamva kuzizira ngakhale m'mwezi wa Okutobala pamene dzuwa la ku Lirangwe likuswa mtengo, amadzimbidwa, khungu limauma, tsitsi limathothoka, mawu amasasa, mtima umagunda pang'onopang'ono, ndipo kwa amayi msambo umasokonekera. Chithokomiro chili ngati khomo lolowera mphepo pa mbaula, limene likatsekeka moto umazilala, ndipo kuthirapo makala ena, kaya akhale abwino chotani, sikungauyatse. Mafuta a kokonati ndi makala chabe; mulibe ayodini wothandiza, mulibenso homoni.

Kachoonadi kamene kanatchulidwa kaja kali motere. Mafuta onse amapangidwa ndi timaunyolo ta maatomu a kaboni, ndipo timaunyolo tapakatikati, ta maatomu 8 kapena 10, timachoka m'matumbo kupita molunjika ku chiwindi kumene timaotchedwa mwamsanga, pamene tatitali timayenda njira yozungulira ndipo timasungidwa mosavuta. Kafukufuku amene Marie-Pierre St-Onge ndi anzake anachita ku yunivesite ya McGill ku Canada, n'kusindikizidwa mu 2003, anasonyeza kuti anthu odya mafuta a timaunyolo tapakatikati ankaotcha mphamvu yochulukirapo pang'ono. Koma mafuta amene anagwiritsidwa ntchito anali oyengedwa mwapadera, osati a kokonati a m'botolo la m'sitolo, ndipo anthu amene anayesedwa sanasankhidwe chifukwa cha matenda a chithokomiro. M'mafuta a kokonati enieni timaunyolo ta 8 ndi 10 n'tochepa, pafupifupi magawo 15 pa 100 alionse, pamene pafupifupi theka lake ndi lauric acid wa maatomu 12, amene mbali yake yaikulu imayenda m'thupi ngati mafuta ena onse. Chimene chimatsala ndi chakudya cha makalori pafupifupi 120 pa supuni yaikulu imodzi, choncho munthu amene metabolizimu yake yatsika kale, akawonjezera masupuni awiri pamwamba pa nsima ndi ndiwo za masiku onse, akusonkhezera kunenepa kumene akufuna kuthetsa.

Vuto lalikulu kuposa pamenepa lili mu kolesterolo, amene ndi mafuta oyenda m'magazi, ndipo mtundu wake wotchedwa LDL ukachuluka umatsekereza misempha ya mtima ndi ya ubongo. Magawo opitirira 80 pa 100 alionse a mafuta a kokonati ndi mafuta ogwirana, amene amaundana kukazizira, ndipo pa mbali imeneyi amaposa batala ndi mafuta a ng'ombe. Mu 2017 bungwe la American Heart Association linalangiza anthu kuti asamadalire mafutawa, ndipo mu 2020 akatswiri a ku National University of Singapore, atasonkhanitsa zotsatira za makafukufuku 16 m'magazini ya Circulation, anapeza kuti mafuta a kokonati amakweza LDL poyerekeza ndi mafuta ngati a soya ndi mpendadzuwa, popanda kuchepetsa kulemera kwa thupi kapena shuga wa m'magazi. Apa ndi pamene malonda amenewa amasanduka oopsa, pakuti kufooka kwa chithokomiro pakokha kumakweza LDL, chifukwa chiwindi chosowa homoni chimalephera kumuchotsa m'magazi. Wodwala wotere ndiye womaliza pa anthu onse amene angalangizidwe kumwa mafuta a kokonati ngati mankhwala.

Dziko la Malawi lili ndi mbiri yake ya mafuta amene anathandizadi chithokomiro, ndipo mbiriyo ikufotokoza bwino pamene pagona nkhani. Munthu akatsata msewu wa M1 kuchoka ku Lirangwe, kuwoloka Shire pa Zalewa n'kupitirira Balaka, amafika ku Ntcheu, kumene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 akatswiri a ku yunivesite ya Wageningen ya ku Netherlands anachita kafukufuku pa ana a sukulu amene ankasowa ayodini kwambiri. Anawo ankapatsidwa mafuta osakaniza ndi ayodini kuti amwe, njira imene inayambira ku Papua New Guinea m'zaka za m'ma 1950 ngati jekeseni, ndipo ubwino wake unali wakuti thupi limasunga mafutawo n'kumatulutsa ayodini pang'onopang'ono kwa miyezi ingapo. Mafuta odziwika kwambiri a mtundu umenewu, otchedwa Lipiodol, amachokera ku nthangala za duwa la poppy. Chimene chinkachiritsa chinali ayodini, ndipo mafutawo anali chonyamulira chabe.

Njira imeneyi inali yongoyembekezera, chifukwa yankho lokhazikika linabwera ndi mchere. Mu 1995 dziko lino linakhazikitsa lamulo lakuti mchere wogulitsidwa kwa anthu ukhale wothira ayodini, ndipo bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi limene limaunika mchere wolowa m'dziko muno, umene wambiri umachokera kunja. Kafukufuku wa michere ya m'thupi wa 2015 mpaka 2016 anasonyeza kuti ana a msinkhu wa sukulu ndi amayi ambiri m'Malawi ankapeza ayodini wokwanira, chimene ndi chipambano chachikulu chimene sichitamandidwa mokwanira, mwina chifukwa mchere ulibe wouimbira nyimbo pa intaneti. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti munthu wamkulu amafunika mamaikulogalamu 150 a ayodini patsiku, ndipo mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amafunika 250, muyezo umene mchere wa m'paketi wosungidwa m'chotengera chotseka, kutali ndi chinyezi ndi moto, umathandiza kuufikira. Mchere wamiyala woyalidwa pamilu padzuwa, umene gwero lake silidziwika, ndi umene uyenera kukayikiridwa. Chinangwa chowawa chosaviikidwa mokwanira chimawonjezera vuto pamene ayodini ali wochepa, chifukwa poizoni wake amasanduka thiocyanate m'thupi, amene amatchinga ayodini kulowa m'chithokomiro, ndipo ichi ndi chifukwa china cholemekezera luso la amayi a ku Nkhata Bay ndi Nkhotakota amene amaviika chinangwa masiku angapo asanapange ufa wa kondowole.

Koma si chithokomiro chofooka chilichonse chimene chimasowa ayodini. Kumene mchere wathetsa vutolo, chifukwa chofala kwambiri ndi matenda amene dokotala wa ku Japan, Hakaru Hashimoto, anawafotokoza mu 1912, pamene chitetezo cha thupi chimaukira chithokomiro cha mwiniwake mpaka kuchiwononga, ndipo amagwira amayi kwambiri kuposa abambo. Kwa ena chimafooka pambuyo pa opaleshoni ya chotupa cha pakhosi, ena atangobereka, enanso chifukwa cha mankhwala ngati ethionamide amene amaperekedwa pa TB yosamva mankhwala. Pa anthu amenewa ayodini wowonjezera sathandiza ndipo angathe kukulitsa vutolo. Chimene chimafunika ndi kubwezera homoni imene yasowa, ndipo njira imeneyi si yatsopano, chifukwa George Murray wa ku Newcastle anayamba kuchiza wodwala ndi madzi a chithokomiro cha nkhosa mu 1891, Edward Kendall anapatula homoniyo mu 1914, ndipo lero imapangidwa ngati piritsi laling'ono lotchedwa levothyroxine, limene lili pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa WHO.

Piritsi limeneli lili ndi malamulo ake, amene odwala ambiri amawaphonya n'kuyamba kuganiza kuti mankhwala alephera ndipo akufunika chothandizira china. Limamwedwa m'mawa ndi madzi okha, mphindi 30 mpaka 60 munthu asanadye kanthu, ndipo mapiritsi owonjezera magazi, amene amayi oyembekezera amalandira ku sikelo, ayenera kutalikirana nalo ndi maola anayi chifukwa ayironi amaligwira m'matumbo kuti lisalowe m'magazi. Phala la soya, limene ndi chakudya chabwino ndithu, nalonso limachepetsa kalowedwe kake likadyedwa nthawi yomweyo. Mphamvu sizibwerera m'masiku awiri, chifukwa homoniyi imakhazikika m'thupi pang'onopang'ono, ndipo magazi amayezedwanso pakatha milungu 6 mpaka 8 kuti mlingo ukonzedwe. Mayi wa matendawa akatenga pakati ayenera kuonana ndi dokotala mwamsanga, pakuti mlingo wake umafunika kukwezedwa, ndipo ubongo wa mwana m'miyezi yoyambirira ya pakati umadalira homoni ya mayi ake. Mayi amene angasiye piritsi panthawi imeneyi chifukwa chokhulupirira botolo la mafuta akuika pachiswe nzeru za mwana wake.

Palinso funso limene ogulitsa mafuta salifunsa: kodi wotopayo ali ndi vuto la chithokomiro n'komwe? Ku Chileka ndi ku Lirangwe, kumene anthu amalima ndi khasu m'dera lotentha ndiponso losadalirika mvula, kufooka kwa thupi kumachokera kawirikawiri ku kuchepa kwa magazi, malungo, likodzo, TB, HIV, matenda a shuga, nkhawa kapena njala yeniyeni ya mwezi wa Febuluwale. Ngakhale chotupa cha pakhosi sichitsimikizira kufooka, chifukwa chimapezekanso pamene chithokomiro chikugwira ntchito mopitirira muyezo kapena bwinobwino. Chimene chimasiyanitsa ndi kuyeza TSH, homoni imene kachiwalo ka pansi pa ubongo kamatumiza kukalamula chithokomiro, ndipo imakwera pamene chithokomirocho sichikumvera. Kuyeza kumeneku kumafuna labotale ya chipatala chachikulu, choncho ulendo umayambira pa chipatala chaching'ono cha ku Chileka kapena ku Lirangwe, kapena pa Mlambe ku Lunzu, kumene matenda ofala amayamba achotsedwa pa mndandanda, kenaka munthu n'kutumizidwa ku chipatala chachikulu cha Gulupu ngati pakufunika kutero.

Mafuta a kokonati ali ndi ntchito zake zoona. Amafewetsa khungu louma, limene ndi dandaulo lenileni la odwala chithokomiro, amasamalira tsitsi, ndipo kwa anthu a ku Quelimane m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, kumene mitengo yake ili ponseponse, kokonati ndi gawo la ndiwo za masiku onse. Koma kuno amafika ngati katundu wakunja wokwera mtengo, pamene mafuta ophikira wamba a m'sitolo amathiridwa vitamini A mwalamulo ndipo mtedza wa nsinjiro uli m'munda wa pakhomo. Banja limene lili ndi munthu wozizidwa, wotopa ndi wotupa nkhope kwa miyezi ingapo lisawononge ndalama zake zochepa pa botolo la mafuta. Ndalamazo zilipire minibasi yopita kuchipatala kuti magazi akayezedwe, ndipo amene anayamba kale levothyroxine asasiye popanda kuuzidwa ndi dokotala.