Musathamangire yankho musanamve funso



Tonse tikudziwa zimene zimachitika dzino likayamba kuwawa pakati pa usiku. Wina amaika mchere pabowo, wina fodya, wina amameza mapiritsi ogula pamsika. Tsaya likatupa m'pamene munthu amayamba kufunsa za galimoto yopita ku Ulongué, ku Tete kapena kutsidya kwa malire ku Dedza. Akafika mochedwa chotere, kawirikawiri chotsala ndi kuzula basi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse, limene kuno timalitchula kuti OMS, lidalengeza mu 2022 kuti anthu pafupifupi 3.5 biliyoni ali ndi matenda a m'kamwa. Mu Disembala 2023 bungwe lomweli lidaika noma, chilonda chimene chimadya tsaya ndi milomo ya ana onyentchera, pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'maiko otentha.

Midzi yathu ikufuna madotolo a mano amene angafunse gogo m'Chichewa kuti, "Agogo, dzino liti likuwawa, ndipo lidayamba liti?" popanda womasulira pakati. Sukulu zake zilipo. Maphunziro a Medicina Dentária amaperekedwa ku UniZambeze mu mzinda wa Tete, ku UniLúrio ku Nampula ndi ku ISCTEM ku Maputo. Abale athu a ku Malawi nawo adayambitsa digiri ya udotolo wa mano mu 2019, pa sukulu imene lero ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Koma kuno kwathu, pakati pa mwana wa ku Dómuè kapena ku Tsangano ndi mpando wa ku yunivesite ya boma pali chipata chopapatiza, chimene ndi mayeso olowera, exame de admissão.

Maganizo anga ndi akuti ana athu ambiri amagwera pa chipata chimenechi chifukwa cha kawerengedwe. Nzeru ali nazo, Biologia ndi Química adaphunzira, koma funso amalimva mwatheka, ndipo yankho lolondola la funso lina silipatsa munthu malikisi.

Gwero la vutoli

Choyamba ndi chinenero. Kalembera wa anthu wa 2017 adaonetsa kuti m'Mozambique muno anthu amene Chipwitikizi ndi chinenero chawo chobadwa nacho sakwana 20 pa anthu 100 alionse. Mwana wa kuno amalota m'Chichewa, amakangana ndi anzake m'Chichewa, koma mayeso amamupeza m'Chipwitikizi cha m'mabuku, cha ziganizo zazitali zokhotakhota.

Chachiwiri ndi chizolowezi choloweza. Aphunzitsi alemba pabolodi, mwana akopera m'kope, aloweza pamtima, ndipo pa mayeso a m'kalasi abweza mawu omwewo. Njira imeneyi imathandiza mpaka tsiku limene wolemba mayeso wafunsa nkhani yomweyo ndi mawu ena. Pamenepo woloweza amafunafuna chiganizo chimene adachisunga m'mutu, osachipeza.

Musaganize kuti vutoli ndi lathu lokha. Ku America, wofuna kuphunzira udotolo wa mano amalemba mayeso otchedwa Dental Admission Test, amene amayendetsedwa ndi American Dental Association. M'mayesowo muli gawo lathunthu loyesa kumvetsa zowerenga: nkhani 3 zasayansi, mafunso 50, m'mphindi 60. Amene amalemba mayesowa adafika kale ku koleji, ndipo ambiri a iwo adabadwa akuyankhula Chingerezi, komabe amayesedwa ngati amamva zimene akuwerenga. Chifukwa chake n'chosabisika. Dotolo moyo wake wonse amawerenga: kalata ya wodwala, pepala la m'bokosi la mankhwala, mlingo wa jekeseni yochititsa dzanzi. Wolumpha mawu amodzi pamenepo angathe kuvulaza munthu.

Tiyese pamodzi

Werengani chiganizo ichi: "O açúcar, por si só, não destrói o esmalte, são os ácidos produzidos pelas bactérias da placa que o dissolvem." Funso likhale lakuti: n'chiyani chimasungunula esmalte, chikuto cholimba cha kunja kwa dzino? Mayankho osankha ndi awa: A, açúcar, B, ácidos, C, bactérias, D, saliva.

Wothamanga asankha A, chifukwa kuyambira ali mwana adamva kuti shuga amawononga mano. Wina asankha C, chifukwa waona mawu akuti bactérias ndipo akudziwa kuti tizilombo timayambitsa matenda. Koma chiganizocho chanena kuti shuga payekha sawononga chikuto cha dzino. Tizilombo tokhala m'litsiro lomata pamano timadya shuga n'kutulutsa asidi, ndipo asidiyo ndiye amasungunula dzino. Yankho ndi B. Mawu amene anyamula nkhani yonse ndi ang'onoang'ono: "por si só" ndi "não".

Amene wamvetsa chiganizochi wapeza zambiri kuposa yankho limodzi. Akudziwa tsopano chifukwa chake mwana woyamwa maswiti tsiku lonse amaboola mano msanga kuposa amene wadya zotsekemera kamodzi pa chakudya. Nthawi iliyonse shuga akalowa m'kamwa, asidi amachuluka, ndipo pH ikatsika kupyola 5.5 chikuto cha dzino chimayamba kusungunuka. Malovu amafuna nthawi kuti achotse asidiyo. Woloweza ali ndi chiganizo chimodzi m'mutu, pamene womvetsa angathe kuyankha mafunso asanu ochokera pa chiganizo chomwecho.

Njira zimene ndikukulangizani

Yoyamba, werengani funso mpaka pampumiro, kawiri, musanayang'ane mayankho. Dulani mzere kunsi kwa mawu otembenuza funso: "não", "excepto", "incorrecta", "falsa". Funso lakuti sankhani chiganizo cholakwika limagwetsa anthu ambiri, chifukwa diso likangoona yankho loona pa A, dzanja limathamangira kuchonga.

Yachiwiri, nenani funsolo m'Chichewa chamumtima. Ngati simungathe kulinena m'chinenero chanu, ndiye kuti simunalimve. Ena amachita manyazi ndi zimenezi, amati Chichewa n'cha kumudzi. Kumbukirani kuti boma litayamba kuyesa kuphunzitsa ana m'zinenero ziwiri pakati pa 1993 ndi 1997, m'ntchito yotchedwa PEBIMO, chigawo cha Tete ndi Chinyanja zidali m'gulu loyamba, pamodzi ndi Gaza ndi Chichangana. Chinenero chanu ndi khasu logwirira ntchito, ligwiritseni.

Yachitatu, dziwani mawu olumikiza ziganizo ngati mmene mumadziwira mphambano za njira ya kumunda. "Porque" akupereka chifukwa. "Portanto" ndi "logo" akupereka zotsatira. "Mas", "porém", "contudo" ndi "todavia" akukuuzani kuti nkhani ikukhota, ndipo nthawi zambiri mfundo yeniyeni ya wolemba ili kutsogolo kwa mawu amenewa. "Embora" akuvomereza kanthu kakang'ono asananene chachikulu.

Yachinayi, phwanyani mawu aatali. Mawu ambiri a zachipatala adamangidwa ndi tizidutswa ta Chigiriki ndi Chilatini. "Odonto" ndi dzino, "peri" ndi mozungulira, "ite" kumapeto kwa mawu ndi kutupa. Choncho "gengivite" ndi kutupa kwa usinini, ndipo "periodontite" ndi kutupa kwa minofu yozungulira dzino. "Hiper" ndi kupyola muyeso, "hipo" ndi kuperewera, "endo" ndi m'kati, "exo" ndi kunja. Sungani tsamba limodzi kumapeto kwa kope la tizidutswa totere. Tidzakutsegulirani mawu amene simunawaonepo.

Yachisanu, mukapatsidwa nkhani yaitali, iwerengeni yonse kamodzi mosadodoma, ndipo pambali pa ndime iliyonse lembani mawu awiri kapena atatu onena za m'ndimemo. Funso likabwera mudziwa kobwerera. Pali ena amalangiza kuti muyambe ndi mafunso n'kumasaka mawu ofanana m'nkhani. Njira imeneyi imagwira pa funso lofuna dzina kapena nambala, koma kwa ife owerenga m'chinenero chachiwiri ili ndi msampha: wolemba mayeso amadziwa kuti mukusaka mawu ofanana, ndiye amawaika dala m'yankho lolakwika.

Yachisanu ndi chimodzi, chotsani mayankho olakwika limodzilimodzi. Chenjerani ndi yankho lokhala ndi "sempre", "nunca", "todos" kapena "apenas". M'zamoyo zinthu zochitika nthawi zonse popanda kupatula n'zochepa, choncho yankho lotere lifunseni kawiri. Ndipo funso likati malinga ndi nkhaniyi, yankhani zimene zalembedwa, osati zimene mudamva kwina.

Yachisanu ndi chiwiri, gawani nthawi. Pa mayeso a ku America aja, mphindi 60 pa nkhani 3 ndiye kuti mphindi 20 pa nkhani iliyonse. Inunso mukalandira pepala, werengani malangizo a patsamba loyamba, onani kuchuluka kwa mafunso ndi nthawi imene mwapatsidwa, mugawe. Funso likakukanikani, ikani chizindikiro mupitirire, mudzabwerere pomaliza. Kuumirira pa funso limodzi ndi kutaya mafunso atatu osavuta amene akukudikirani kutsogolo.

Zimene ena anganene

Wina ati, "Nthawi ndi yochepa, bwanji osangolimbikira Biologia ndi Química?" Zoona, popanda maphunziro awiriwa simungapite patali. Koma sindikukuuzani kuti muwasiye. Buku la Biologia lomwelo ndilo bwalo lanu lophunzirira kuwerenga. Werengani ndime imodzi, tsekani buku, mufotokozere mng'ono wanu kapena amayi anu m'Chichewa. Pamene mwakakamira pofotokoza, pomwepo ndi pamene simunamve. Tsegulaninso buku.

Wina ati, "Izi ndi za ana a m'tauni amene makolo awo amalipira explicação." Ndalama zimathandiza, palibe angakane. Mwana wa m'tauni ali ndi magetsi, mabuku ndi Chipwitikizi cha tsiku ndi tsiku. Koma njira zonse zimene ndatchulazi sizifuna metikali ngakhale imodzi. Zifuna theka la ola tsiku lililonse ndi anzanu awiri kapena atatu. Mutu umodzi susenza denga. Pemphani mapepala a mayeso a zaka zapitazo kwa aphunzitsi anu kapena kwa amene adalembapo, muwalembe mutaika wotchi patsogolo. Mukamaliza, funso lililonse limene mwalakwa mulifunse: kodi nkhaniyi sindimaidziwa, kapena funso sindidalimve? Lembani mayankhowo m'mizere iwiri. Pakatha mwezi muona nokha mzere umene watalika, ndipo mudziwa pofunika kukonza.

Ndipo mayeso oyamba a kuwerenga ndi chikalata cholengeza mayesowo, edital. M'menemo mumalembedwa masiku olembetsa, maphunziro amene mudzayesedwe, malo olembera ndi mapepala ofunika. Muchiwerenge nokha, mzere ndi mzere, cha chaka chimene mukulembacho. Musadalire zakuti "ndamva kuti". Safunsa adadya phula.

Kwa inu makolo

Mwana amene wakhala phee ndi buku pansi pa mtengo sakuthawa ntchito. Nyengo yokonzekera mayeso imakumana ndi nyengo ya kumunda, yobzala ndi kupalira chimanga ndi mbatatesi, ndipo manja onse amafunika. Komabe mupatseni ola lake. Nyale ya sola ikhale yake madzulo. Mtsikana asamalize kutunga madzi, kuphika ndi kutsuka mbale tulo titamugwira kale, pamene mlongo wake wawerenga masamba asanu. Akabwera kudzakufotokozerani za mano 20 a ubwana ndi mano 32 a munthu wamkulu, mvetserani, mufunseni mafunso. Ngakhale simudapite kusukulu, funso lanu lakuti "chifukwa chiyani?" ndi mphunzitsi wabwino.

Inunso aphunzitsi, kamodzi pa sabata patsani ana ndime yachilendo, muwafunse kuti ainene m'mawu awoawo. Mwana amene wabweza mawu a m'buku ndendende asalandire malikisi oposa amene wafotokoza bwino ndi mawu ake.

Anyamata ndi atsikana, kuona maso a nkhono n'kudekha. Musadikire mwezi wa mayeso. Lero lomwe tengani buku la Biologia, werengani ndime imodzi, mutseke, muinene m'Chichewa. Mawa ndime ina. Odwala mano a m'midzi yathu akudikira mmodzi wa inu.