Mkazi si usipa woti tiyanike

Pali nkhani imene timaibisa kuseri kwa chitseko ngati kuti tikaitchula denga litigwera. Amayi ambiri akakhala malo amodzi ndi amuna awo amadzuka kumaliseche kutatupa, kukuyabwa, pokodza pakuwotcha ngati athirapo tsabola. Amangomanga chitenje, natenga ndowa, ulendo wa kumjigo ngati palibe chachitika. Ine ndikuti chete ameneyu akuvulaza amayi, ndipo ena mwa amene adamufesa ndi alangizi athu omwe.

Kodi si kuchilangizo kumene mtsikana amauzidwa kuti mwamuna safuna mkazi "wamadzi"? Kodi si komweko kumene amamupatsa ufa wa makungwa, alamu kapena madzi a mandimu kuti aumitse njira ya abambo? Chinyezi chimene akulimbana nachocho Namalenga adachiika dala kuti khungu lofewalo lisasupuke. Chikachoka, matupi amakhulana, ndipo pamachita timing'alu tosaoneka ndi maso. Kutupa ndi kuwotcha kuja kumayambira pamenepo. Edzi idapezeka koyamba m'Malawi muno mu 1985, tidaika maliro osawerengeka, koma mpaka lero tikutsekulirabe kachilombo makomo ndi manja athu.

Chinanso ndi kutsuka m'kati ndi sopo. M'njiramo mumakhala tizilombo tabwino timene timachititsa malowo kukhala owawasa pang'ono kuti toipa tisaswane. Sopo ndi zonunkhiritsa zimapha alonda amenewa, mauka nkupeza mpata. Kusamba kunja ndi madzi oyera nkokwanira. M'kati mumadziyeretsa mokha.

Sikuti vuto lonse ndi zitsamba ayi. Mayi woyamwitsa kapena amene wasiya kusamba amauma chifukwa mahomoni a estrogen atsika m'thupi. Wina amawengedwa ndi mphira wa kondomu, ndipo yankho lake si kutaya kondomu koma kufunsa achipatala za mtundu wina. Wina ali ndi matenda opatsirana monga chinzonono, amene mwamuna angawasunge osamva kanthu. Ndiye pali mwamuna waphuma, wongofikira kulowa ngati akuthawa mvula, mnzake thupi lisanakonzeke.

Taonani tsono chimene chimachitika mayi akalimba mtima nkudandaula. Mwamuna amafunsa kuti, "Mwazitenga kuti zimenezi?" Apongozi amati wayenda. Poopa kunyozedwa amapita kwa sing'anga mwakabisira, kumene ena amamudula "mauka" ndi lumo, chilonda pamwamba pa chilonda.

Ena ati ndikunyoza mwambo. Ayi ndithu. Mwambo womwewo umati mwamuna azisamala mkazi wake. Chilangizo chimene chimaphunzitsa mtsikana kupirira ululu kuti wina asangalale chasokera, ndipo ochibweza panjira ndi alangizi eniakewo. Auzeni ana athu kuti chinyezi ndi chizindikiro cha thupi lamoyo, osati cha chiwerewere.

Amayi, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kutupa kukapitirira masiku awiri, kapena mukaona zilonda, chikazi chonunkha kapena kupweteka m'chinena, pitani kuchipatala. Ndipo inu abambo, akazi anu akabwera ndi kapepala ka kuchipatala kokuitanani kuti nanunso mukalandire mankhwala, musakang'ambe. Akachira okha inu osachira, sabata yamawa mudzawapatsiranso, ndipo mudzakhala oyamba kuwaloza chala.